Mphindi 15 za bata zimene zinandibwezera tulo

Ndinazindikira kuti zinthu zafika poipa usiku wina pamene mwana wanga wamkazi, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 7, anaima pakhomo la kuchipinda kwathu atanyamula kope lake la masamu, n'kundifunsa ndi mawu otsika kuti, "Amayi, kodi lero muli bwino? Ndingakufunseni kanthu?" Tsiku limenelo sindinamukalipire ngakhale kamodzi, koma mwanayo anali ataphunzira kuyamba wayang'ana kaye nkhope yanga asanatsegule pakamwa, monga mmene munthu amayang'anira kumwamba asanayanike zovala. Ndinamuthandiza samu yakeyo, iye n'kupita kukagona, ndipo ine ndinatsala nditakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pamaondo, ndikudzifunsa kuti ndinayamba liti kukhala munthu woopedwa ndi mwana wanga yemwe.

Mavuto anga sanali achilendo. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina, ndipo mnzanga amene tinkagawana naye ntchitoyo atasiya, mabwana sanalembe wina m'malo mwake, moti mafayilo ake onse anaunjikana patebulo panga. Nthawi yomweyo mayi anga anayamba kudwaladwala, ndipo ine, pokhala mwana woyamba, ndinadzisenzetsa udindo wonse wowaperekeza kuchipatala ndi kuwalondolera mankhwala. Foni yanga sinkapuma. Ndinkagona nayo pansi pa pilo, ndipo chinthu choyamba chimene maso anga ankaona kukacha anali mauthenga a pa WhatsApp, ena a kuntchito, ena a abale ofunsa mmene odwala adzukira. Anthu akandiona ankaona mayi wolongosoka, wovala bwino, wosachedwa kuntchito, koma chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Thupi ndi limene linayamba kuulula. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku mtima ukugunda ngati ndathamanga mtunda, ndipo tulo sitinkabweranso mpaka kunja kuyera. M'mawa nsagwada zinkawawa chifukwa chokukuta mano m'tulo, mapewa ankakhala okwera ngati ndasenza katundu, ndipo mutu unkayamba kupweteka masana alionse. Nditapita kuchipatala anandipima n'kupeza BP yanga ili pa 152/96, ndipo nditabwerera patatha sabata inali isanatsike. Dokotala anandifotokozera kuti ikamafika 140/90 kupita m'mwamba mobwerezabwereza, ndiye kuti munthu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anandilembera mankhwala, kenako anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti, "Mayi, pa maola 24 a tsiku lanu, ndi mphindi zingati zimene mumakhala osachita kanthu, osamvetsera kanthu, osayankha munthu?" Ndinangoti kakasi. Ngakhale posamba ndinkatsegula wailesi, ndipo poyenda ndinkatseka makutu ndi nyimbo kapena nkhani za pa intaneti. Kuyambira kudzuka mpaka kugona, panalibe mphindi imodzi imene m'mutu mwanga simunkalowa mawu a munthu wina.

Zimene dokotalayo anandifotokozera, ndi zimene ndinadzawerenga pambuyo pake, zinandithandiza kusiya kudziona ngati munthu wofooka. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol pamene ubongo waona choopsa. Mahomoniwa amafulumizitsa mtima, amakweza BP, amathira shuga m'magazi ndipo amakunga minofu kuti munthu athe kumenyana kapena kuthawa. Katswiri wina wa pa yunivesite ya Harvard, Walter Cannon, anafotokoza za kukonzekera kumenyana kapena kuthawaku zaka zoposa 100 zapitazo. Ndi dongosolo labwino limene limapulumutsa moyo galimoto ikakutulukira mwadzidzidzi, koma linapangidwira zoopsa zobwera n'kupita. Vuto n'lakuti thupi limachitanso chimodzimodzi ndi uthenga waukali wa bwana, ngongole yosalipidwa kapena foni yolira usiku, ndipo zoterezi sizitha m'mphindi zochepa. Ine ndinakhala miyezi yambiri thupi lili chire, lokonzekera nkhondo imene sinkayamba komanso sinkatha.

Dokotala wina wa matenda a mtima pa Harvard pomwepo, Herbert Benson, anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti thupi lili ndi njira inanso yobwezera zinthu m'malo. Iye anapima anthu atakhala chete, akubwereza liwu limodzi m'maganizo, ndipo anaona kuti mtima wawo unkagunda pang'onopang'ono, kupuma kunkatsika, ndiponso thupi linkagwiritsa ntchito mpweya wochepa. Analangiza kuchita zimenezi mphindi 10 mpaka 20, kamodzi kapena kawiri patsiku. Nditamva zimenezi ndinaona ngati n'zosavuta, ndipo m'mawa wotsatira ndinatseka chitseko n'kudziuza kuti ndikhala chete mphindi 30.

Apa m'pamene ndikufuna kuti aliyense wofuna kuyesa amvetsere bwino, chifukwa palibe amene anandichenjeza, ndipo ndinatsala pang'ono kusiyiratu. Masiku oyamba a kukhala chete sabweretsa mtendere. Amabweretsa phokoso. Nditangotseka maso, zonse zimene ndinkazikwirira ndi wailesi ndi foni zinatulukira nthawi imodzi: lipoti losamalizidwa, nkhope ya mayi anga atagona pabedi la kuchipatala, mawu amene ndinayankha mlongo wanga mwaukali miyezi iwiri m'mbuyomo, ngakhale manyazi a zinthu zimene ndinalakwitsa ndili mtsikana. Miyendo inkayabwa, msana unkawawa, dzanja linkapita lokha kumene kuli foni. Ndinatsegula maso ndikuganiza kuti nthawi yakwana, koma n'kuti patangodutsa mphindi 4 zokha. Ndinalimbikira masiku 4, ndipo tsiku lililonse ndinkanyamuka pampandopo mtima uli wolemera kuposa mmene ndinakhalira. Tsiku lachisanu ndinasiya, ndikudziuza kuti zimenezi n'za anthu amene alibe mavuto enieni.

Patapita milungu ingapo ndinawerenga za kafukufuku amene anachita Timothy Wilson ndi anzake pa yunivesite ya Virginia, amene anafalitsidwa mu 2014. Iwo ankasiya anthu okhaokha m'chipinda kwa mphindi 6 mpaka 15, opanda foni, buku kapena cholembera, kuti angokhala ndi maganizo awo, ndipo ambiri ananena kuti sanasangalale nazo. M'chigawo china cha kafukufukuyo munali kabatani kamene munthu akakadina kankamugwira ndi shoko ya magetsi. Pakati pa anthu amene anali atailawa kale shokoyo n'kunena kuti angalolere kulipira ndalama kuti isawagwirenso, amuna 12 mwa 18 ndi akazi 6 mwa 24 anadinabe kabataniko m'malo mongokhala phee. Nkhani imeneyi inandikhudza kwambiri, chifukwa inandisonyeza kuti zimene zinandichitikira pampando uja sizinali chilema changa ndekha. Kukhala wekha ndi maganizo ako n'kovuta kwa anthu ambiri, makamaka ngati wakhala zaka osazichita. Phokoso limene ndinalimva silinabwere ndi bata. Linalimo kale, ndipo ndi lomwelo limene linkandidzutsa 3 koloko usiku, popeza imeneyo inali nthawi yokhayo imene linkapeza mpata woti limveke.

Ndinayambiranso, koma ulendo uno ndinachepetsa zonse. Ndinasankha mphindi 5 zokha, nthawi yochepa moti sindikanatha kunamizira kutanganidwa. Ndinailumikiza ku chinthu chimene ndimachita kale tsiku lililonse popanda kuganiza, chomwe ndi kusukusula: ndikangopukuta kumaso, ndimapita molunjika pampando, osadutsira kwina. Ndinasankha mpando umodzi wa pafupi ndi windo, ndipo sindiugwiritsa ntchito ina m'mawa. Foni ndinaichotsa kuchipinda n'kumaigoneka m'dirowa ya pabalaza, ndipo m'malo mwake ndinagula kawotchi kodzutsa. Chimenechi chinali chovuta koposa zonse, chifukwa ndinkaopa kuti angandiimbire za mayi anga usiku ine osamva. Tinagwirizana ndi amuna anga kuti abale apatsidwe nambala yawo pa nkhani zadzidzidzi, ndipo mantha amenewo anatha. Ndinasankha m'mawa osati madzulo pa zifukwa ziwiri. Madzulo ndinkangosinza, komanso ndinali nditawerenga kuti cortisol imakwera yokha m'mphindi 30 mpaka 45 zoyambirira munthu akadzuka. Ndinaona kuti si nzeru kuthira mauthenga a kuntchito pamwamba pa thupi limene likudzikoka kale.

Pampandopo sindichita zodabwitsa. Ndimakhala tsonga, mapazi onse awiri ali pansi, manja ali pantchafu. Ndimakoka mpweya ndi mphuno ndikuwerenga mpaka 4, kenako ndimautulutsa pang'onopang'ono ndikuwerenga mpaka 6. Munthu wamkulu akangokhala amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi, koma kawerengedwe kameneka kamatsitsa kupumako kufika pa maulendo 6. Kutalikitsa mpweya wotuluka kuli ndi chifukwa chake. Pali mtsempha wautali wotchedwa vagus umene umachoka mu ubongo, kudutsa m'khosi, n'kukafika kumtima, m'mapapo ndi m'mimba, ndipo ndi umodzi mwa mitsempha ikuluikulu imene imauza thupi kuti likhazikike. Mtima umafulumira pang'ono munthu akamakoka mpweya, ndipo umabwerera m'mbuyo akamautulutsa. Mutha kudzimvera nokha mutaika zala ziwiri pamtsempha wa padzanja n'kupuma mofatsa. Tsiku limene ndinazimva koyamba pansi pa zala zanga, kugunda kukutalikirana pamene mpweya ukutuluka, ndinadziwa kuti pali chinthu chimodzi m'thupi langa chimene ndingathe kuchigwira ndi kuchiwongolera.

Maganizo sanasiye kubwera, ndipo mpaka lero amabwera. Chimene chinasintha n'chakuti ndinaleka kulimbana nawo. Poyamba ndinkaganiza kuti cholinga n'kukhala ndi mutu wopanda kanthu, ndipo ganizo lililonse likalowa ndinkadziona ngati ndalephera. Tsopano ndikazindikira kuti ndapita kutali, mwina ndili kale kuofesi ndikukangana ndi munthu m'maganizo, ndimangobwerera ku mpweya n'kuyambiranso kuwerenga. Pa mphindi 5 ndinkatha kubwerera maulendo 20, ndipo kubwererako ndiye ntchito yeniyeniyo. Ndinaikanso kakope ndi cholembera pambali pa mpando. Ganizo likakakamira, monga loti ndisaiwale kukatenga zotsatira za magazi a mayi, ndimalilemba m'mawu atatu kapena anayi, ndipo likalembedwa limandisiya. Anthu ena amadzaza nthawi imeneyi ndi pemphero lalifupi lobwerezabwereza, ndipo Benson mwiniyo ankanena kuti liwu lobwerezalo likhoza kukhala pemphero. Masiku ena inenso ndimatero. Koma ndikuona kuti pali kusiyana pakati pa pemphero lokhuthula nkhawa zonse motsatizana, limene lili ndi nthawi yake, ndi kukhala duu osapempha kanthu.

Anzanga ena amandifunsa ngati angaike nyimbo zofatsa. Ine ndimakonda bata lenileni. Luciano Bernardi ndi anzake a ku yunivesite ya Pavia ku Italy anafalitsa mu 2006 zotsatira za kafukufuku wa mmene nyimbo zimakhudzira mtima ndi kupuma, ndipo anapeza kuti mphindi 2 za zii zimene ankaika pakati pa nyimbozo zinkatsitsa kugunda kwa mtima ndi BP kuposa nyimbo zofatsa zomwe. Komabe munthu amene akukhala pamalo aphokoso asadikire kuti dziko lonse likhale chete. Kunyumba kwathu kumamveka magalimoto ndi mawu a anthu oyandikana nafe kuyambira m'bandakucha, ndipo ndinaphunzira kuwasiya adutse monga mmene ndimasiyira maganizo. Bata limene ndikunena n'lakuti palibe akulankhula nane ndipo palibe chimene ndikuyenera kuyankha.

Ndinalakwitsa posawauza a m'nyumba mwanga. M'mawa wina amuna anga anandipeza nditakhala pawindo maso ali chitsekere, ndipo anandigwira paphewa mwamantha n'kufunsa kuti, "Kodi mwatani? Mwadwala?" Madzulo ake ndinawakhazika pansi pamodzi ndi ana n'kuwafotokozera kuti ndikakhala pampando uja sindinakwiyire munthu, sindikudwala, ndipo ndimanyamuka muvi wautali wa wotchi ukafika pamalo akutiakuti. Ana amamvetsa msanga chinthu chimene chili ndi malire ooneka. Amuna anga anadzipereka kuti aziyamba ndiwo kudzutsa ana, ndipo popanda thandizo limenelo sindikanapitiriza. Patatha milungu itatu ndinawonjezera nthawi kufika mphindi 10, ndipo patatha miyezi iwiri ndinafika pa 15, pamene ndakhazikika mpaka pano.

M'mwezi wachitatu mayi anga anagonekedwa m'chipatala masiku 9, ndipo ine ndinkagona komweko. Mpando wa pawindo unakhala wopanda munthu masiku onsewo. Atatuluka, ndinamva mawu aja m'mutu akuti zonse zawonongeka, palibe chifukwa choyambiranso. Anthu ambiri amanena kuti chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21, ndipo ndinkadziimba mlandu kuti ndadutsa masiku amenewo koma chinthucho chikundivutabe. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, wofalitsidwa mu 2009, anapeza zosiyana. Iwo anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, ndipo zinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chinthu chiyambe kuchitika chokha, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa ntchito yonse. Ine ndinali nditaphonya masiku 9, choncho ndinabwerera ku mphindi 5 ngati woyamba kumene, ndipo patatha sabata thupi linakumbukira njira. Kuchokera pamenepo ndinadziikira lamulo limodzi: tsiku likavuta, ndichite ngakhale mphindi 2, kulikonse kumene ndili. Ndazichitapo pabenchi la kuchipatala podikira dokotala, ndi m'galimoto ndisanalowe muofesi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zipatso za chizolowezi chimenechi zinabwera mwakachetechete moti ena ndi amene anayamba kuziona ine ndisanazione. Cha m'sabata lachisanu ndi chimodzi ndinadzuka m'mawa wina kawotchi kakulira, n'kuzindikira kuti 3 koloko yandidutsa ndili m'tulo. Sizinachitike usiku uliwonse, koma mausiku otere anayamba kuchuluka. Kenako ndinayamba kumva mapewa anga akamakwera masana, chinthu chimene kale ndinkachizindikira mutu utayamba kale kupweteka. Tsiku lina bwana wanga analowa muofesi n'kuponya fayilo patebulo pamaso pa anzanga, akundinena kuti ndalakwitsa manambala amene sindinalembe ine. Ndinamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa kufika kumaso, ndipo mawu aukali anali kale pamilomo. Koma ndinatulutsa mpweya kamodzi, kawiri, ndipo m'kanthawi kameneko ndinatha kusankha. Ndinati, "Bwana, ndipatseni mphindi 10 ndiione, ndibwera kuofesi kwanu." Ndinapita ndi umboni, nkhaniyo inathera pomwepo. Chaka chimodzi m'mbuyomo ndikanayankha pomwepo, kenako n'kuisenza nkhaniyo kupita nayo kunyumba kukaitula pa ana.

Chimene sindinachiyembekezere chinachokera m'kakope kaja. Nditakawerenga patatha miyezi inayi, ndinaona kuti nkhawa zimene ndinkaziona ngati zosawerengeka zinali zitatu zokha zobwerezabwereza: kuchuluka kwa ntchito, matenda a mayi, ndi kusamvana kwanga ndi mlongo wanga. Kukhala chete sikunachotse ngakhale imodzi mwa izo, koma kunandionetsa kukula kwake kwenikweni, ndipo chinthu chimene waona kukula kwake umadziwa pochigwira. Ndinalemba ntchito zonse zimene ndinkachita n'kupita nazo kwa mabwana, ndipo ngakhale sanalembe munthu wina, anachotsa zina n'kupatsa dipatimenti ina. Ndinaimbira mlongo wanga n'kumupepesa, ndipo pokambirana ndinazindikira kuti iye ankafuna kuthandiza pa matenda a mayi koma ine ndi amene ndinkamutsekera khomo pofuna kuchita zonse ndekha. Mutu umodzi susenza denga. Tinagawana masiku operekeza mayi kuchipatala pakati pa ana onse anayi.

Sindikufuna kuti wina amve ngati bata ndi mankhwala a chilichonse. BP yanga inatsika, koma ndinkamwanso mankhwala mokhulupirika ndipo ndinayamba kuyenda pansi madzulo, ndipo mankhwalawo sindinasiye chifukwa dokotala sanandiuze kuti ndisiye. Aliyense amene ali pa mankhwala a BP asawaleke chifukwa choti wayamba kumva bwino. Palinso anthu amene anakumana ndi zoopsa zazikulu, monga nkhanza, ngozi kapena imfa yadzidzidzi ya wokondedwa, amene akatseka maso zithunzi za zimenezo zimabwerera mwamphamvu. Woteroyo asadzikakamize. Akhoza kukhala maso ali otsegula akuyang'ana chinthu chimodzi, kapena kuyenda pang'onopang'ono akumvetsera mapazi ake, ndipo ndi bwino kuti achite zimenezi mothandizidwa ndi mlangizi. Ngati chisoni chakhala milungu iwiri kapena kuposerapo, munthu osasangalalanso ndi zimene ankakonda, kapena ngati akubwerwa ndi maganizo ofuna kudzivulaza, apite kuchipatala kapena auze munthu amene amamukhulupirira tsiku lomwelo. Zimenezo si za pampando wa pawindo.

Tsopano papita zaka ziwiri. Mayi anga akadali odwaladwala, ndipo mwezi ukamatha ntchito imachulukabe. Pali masiku amene mphindi 15 zonse zimatha maganizo ali balalabalala, ndipo ndimanyamuka osamva kusintha kulikonse, koma m'mawa wotsatira ndimakhalaponso. Sabata yatha, muvi wa wotchi utangofika pamalo pake, chitseko chinatseguka mwamphamvu ndipo mwana wanga uja, amene tsopano ali ndi zaka 9, analowa akuthamanga, nsapato imodzi ili kumanja. "Amayi, inzake ya nsapato iyi sindikuiona, ndipo achimwene akukana kundithandiza kufuna!" Sanaime pakhomo, ndipo nkhope yanga sanaiyang'ane n'komwe. Ndinatseka kakope kanga, ndinanyamuka, ndipo tinaipeza nsapatoyo kuseri kwa chitseko cha kubafa.